Njira ziwiri zopezera diameter ya mpira: kudzera mu π kapena kudzera mu ratio

Tiyerekeze kuti pali mipira iwiri imene surface area yake (kukula kwa malo onse a kunja kwake) ili pa ratio ya 9:25, diameter (mtunda wochokera mbali imodzi kufika mbali ina kudutsa pakati) ya mpira waung'ono ndi masentimita 6, ndipo tikufuna kudziwa diameter ya mpira waukulu. Ophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE angathe kutsata njira ziwiri, ndipo ngakhale zonse zimapereka yankho lolondola, ntchito yake si yofanana.

Njira yoyamba imadalira lamulo limene Archimedes, katswiri wa masamu wakale wa ku Syracuse, anatsimikizira, lakuti surface area ya mpira ndi 4πr², zomwe ndi chimodzimodzi ndi πd² (d ndi diameter, ndipo r ndi theka lake). Munthu amapeza kuti mpira waung'ono uli ndi 113.1 cm², amachulukitsa ndi 25 n'kugawa ndi 9 kuti apeze 314.2 cm², kenako amagawa ndi π, amatenga square root, n'kupeza masentimita 10. Njirayi ndi yodalirika kwa amene akungoyamba kumene, koma imadya nthawi, ndipo pamene munthu akudula manambala a π pa sitepe iliyonse, yankho limatha kusokonekera pang'ono.

Njira yachiwiri ndi imene ine ndimalimbikitsa. Popeza π ili mbali zonse ziwiri, imachoka yokha, ndipo chotsala n'chakuti ratio ya surface area ndi square ya ratio ya diameter. Square root ya 9:25 ndi 3:5, choncho 6 kuchulukitsa ndi 5 n'kugawa ndi 3 ndi 10, popanda kugwira kalukuleta. Ngozi yake ili pa kuiwala square root: amene agwiritsa ntchito 9:25 mwachindunji amapeza 16.7, yankho lolakwika kwambiri, ndipo ena amasokoneza ndi volume, pamene pamafunika cube root.

Mphamvu ya njira yachiwiriyi imaonekera bwino tikatenga Dziko ndi Mwezi. Surface area ya Dziko ndi pafupifupi 510 miliyoni km², ya Mwezi ndi pafupifupi 38 miliyoni km², kutanthauza kuti ratio ndi pafupifupi 13.4. Square root yake ndi pafupifupi 3.66, ndipo tikagawa makilomita 12,742 a diameter ya Dziko ndi nambala imeneyi, timapeza pafupifupi makilomita 3,480, pamene diameter yeniyeni ya Mwezi ndi pafupifupi makilomita 3,474.

Njira yoyamba imafunikabe ngati funso lapereka surface area ya mpira umodzi wokha popanda wina woufanizira nawo, chifukwa pamenepo palibe ratio yoti n'kugwiritsa ntchito.