Pampu ya bambo wa pakontena ku Limbe: imakoka madzi, koma si Honda

Pampu ya petulo ya mainchesi atatu ija ndaigwiritsa ntchito chilimwe chonsechi kudimba kwanga ku Lunzu, ndiye ndinene momwe zinayendera. Pa Facebook bamboyo analemba kuti ndi Honda yeniyeni yochokera ku Joni, yogwirako ntchito pang'ono, K420,000. Mukudziwa nokha momwe zatsopano zakwerera.

Ndisanaione n'komwe anayamba kundikakamiza pa foni: "Mayi, tumizani theka pa Airtel Money ndikusungireni, pali wina wa ku Chikwawa akuifuna lero lomwe." Nambala yomwe anandipatsayo inatulutsa dzina la munthu wina. Ndinakana, ndipo m'mawa mwake ndinanyamuka ndi achimwene anga omwe ndi makaniko.

Tinafika akungotsegula kumene kontena, koma achimwene atagwira injini anapeza ndi yotentha kale. Anati tiidikire izizire. Itazizira, mnyamata wa bamboyo anakoka chingwe mpaka thukuta kamukamu, ndipo italira inatulutsa utsi wabuluu, kusonyeza kuti ikuwotcha oyilo. Kenako achimwene anagwada n'kuyang'ana pathupi pa injini, pomwe Honda amadindapo nambala pachitsulo penipeni. Panalibe kanthu, penti yekhayekha. Sitika ya GX160, mtundu wa injini ya Honda, inamatuka ndi chikhadabo basi. Apa ndi pomwe bamboyo anandipsetsa mtima. M'malo moyankha achimwene anatembenukira kwa ine, pamaso pa mavenda onse aja, amvekere, "Amayi inu za injini mukudziwapo chiyani? Mwabwera kudzagula kapena kudzandizenga mlandu?" Ndalamazo ndi za tomato wanga, ndinazipeza ndi khasu, ndiye wina azindinyoza chifukwa ndafunsa? Kuiyesa ndi madzi amakananso, akuti mpopi uli kutali. Tinalemba ganyu mnyamata wa wilibala kubweretsa mgolo, ndipo madzi anayamba kudontha pakati pa pampu ndi injini, pamene pamakhala silo yotchinga madzi kuti asadonthe. Bamboyo mawu anamuthera. Tinagwirizana K290,000, ndipo ndinaumirira kuti andilembere lisiti yokhala ndi nambala ya chiphaso chake cha unzika, osatchulapo za Honda.

Chilungamo chake, si wakuba ngati aja amangolandira ndalama foni n'kuzima. Silo ija itatheratu pakati pa sizoni ndinamuimbira ndikuyembekeza kuti sayankha. Anayankha, n'kutumiza mnyamata wake pa minibasi ndi silo yatsopano, osandilipitsa ngakhale thiransipoti. Mnyamatayo ndi waulemu, anaikonza pomwepo kudimba, n'kundisonyezanso kuti ndisamaiyatse ndisanathiremo madzi chifukwa silo imapsa ikayenda youma. Kuchokera pamenepo pampuyo ikukoka bwino, tomato ndi mpiru sizinafote. Oyilo yekha ndiye imamwa, ndimachita kuwonjezera pafupipafupi.

Ndikupereka nyenyezi zitatu, ndipo imodzi mwa izo ndi ya mnyamatayo. Mukafuna kugula kwa bamboyu tengani makaniko wanu, musatumize ndalama patsogolo, ndipo injini ailize yozizira inu mukuona. Za kundinyoza kuja sanapepese mpaka lero. Dzulo ndaona waikanso chithunzi chomwe chija pa Facebook, cha pampu yomwe ili kwathu kuno, n'kulembanso kuti Honda yeniyeni.