Sikelo ya pa helefu senta yakwathu, ndaipatsa 4 pa 5

Ndayenda sikelo pa chipatala chaching'ono cha boma cha kwathu kuno kuyambira mimba ili ndi miyezi itatu mpaka pano mwana wakwana masabata 14, nde ndati ndifotokozeko poti anzanga ambiri amandifunsa ngati bola kupulayiveti.

Tsiku loyamba ndi lalitali amayi inu, tengani kachakudya ndi madzi. Ndinafika 6 koloko mabenchi atadzadza kale, tinayamba ndi nyimbo zija ndi maphunziro kenako sikelo, BP, magazi a pachala oyezera HIV ndi chindoko, zotsatira pompopompo. Ndinapita ndi bambo a kunyumba nde anatilowetsa msanga ndipo nawo anayezedwa, koma zinandikhudza kuona mayi wina amene amuna ake ali ku Joni akutsalira mmbuyo ngati walakwa. Neti anandipatsa, katemera wa kafumbata, mapilisi owonjezera magazi, Fansidar uja anandiyambitsa ulendo wachiwiri ndipo umamwera pamaso pawo, zoti ndikamwera kunyumba kulibe.

Chandipangitsa kupereka 4 ndi anamwino ena achikulire amene anandigwira ndili ndi miyezi 7. Ine mapazi otupa ndi kamutu kaja ndinkangoti ndi mimba basi, iwo atayeza BP nkuipeza yokwera anandikhazika kaye pansi nkubwerezanso, kenako anandituma mkodzo, nkundilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Sanandikalipire olo pang'ono, anangoti mwanawanga matenda awa sachedwa kugwetsa mayi. Mpaka lero ndikawaona ndimafuna kugwada.

Zondidandaulitsa zilipo. Sikani palibe, ndinakalipira kwina chifukwa amati ndi bwino kuunika masabata 24 asanakwane, nanga amene alibe ndalamayo atani? Ulendo wina zoyezera kuchuluka kwa magazi zinali zitatha, anangondiyang'ana mmaso ndi mzikhatho. Komanso kachipinda kauphungu chitseko chake sichitsekeka bwino, amene ali pamzere amamva zonse, pa nkhani ya HIV izi sizoona ayi.

Mbali ya ana ndilibe nayo mawu. Katemera wa BCG (woteteza TB) ndi wa poliyo mwana analandira atangobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14 alangizi a zaumoyo amabaya mwachangu, kumupachika pasikelo nkukuonetsa mzere wake mbuku ngati ukukwera. Andiuza kuti wa chikuku ndi pa miyezi 9, deti alemba kale ndi bolopeni yofiira.