Mapu a Middle-earth kapena a Westeros: ndi ati amene amagwirizana ndi dziko lenileni?

Anzanga amene timabwerekana mabuku akhala akundifunsa funso limodzimodzi: ngati ndalama ikungokwana mapu a dziko limodzi la m'nthano, agule a Middle-earth a J.R.R. Tolkien kapena a Westeros a George R.R. Martin? Ndakhala ndikuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndaona kuti ndingolemba kamodzi. Za nthano zake sindinenapo, mukuzidziwa kale. Chimene ndikuyeza ndi chimodzi: malowa ukawaika pambali pa dziko limene tikupondali, kodi mapiri, mvula ndi mitunda yake zimamveka?

Ndinene poyera kuti ndili kumbali ya Tolkien, ndipo Westeros ndili nayo chakukhosi. Ndinaitanitsa chimapu chachikulu cha Westeros, chopachika pakhoma, kwa wogulitsa wina wa pa intaneti. Mtengo umene unkaoneka pa tsamba unali wabwino. Nditafika polipira panatulukira ndalama yotumizira, katunduyo atafika panabweranso msonkho, ndipo zowonjezerazi zinaposa mtengo wa mapuwo. Zimenezo ndinangomeza. Chinandiwawa ndi pamene ndinawatambasula patebulo, n'kutsamiza makapu m'makona kuti asapindike, rula ili m'manja. Pepala lonyezimira, nyanja zobiriwira bwino, zizindikiro za mabanja zonse zilipo. Sikelo palibe. Kamzere kaja konena kuti sentimita imodzi ikuimira makilomita akutiakuti ndinakafunafuna m'makona onse anayi, osakapeza.

Vutoli silinayambire kwa wogulitsayo. Martin mwiniwake ananenapo kuti mitunda amaisiya yosamveka mwadala, kuopa owerenga amene angatenge rula n'kumamuuza kuti munthu wakuti sakanafika kwakuti pa masiku amenewo. Ndiye okonda mabukuwa amayeza ndi Khoma lija la madzi oundana la kumpoto kwa Westeros, popeza kutalika kwake kunatchulidwa momveka: mamailosi 300, omwe ndi makilomita pafupifupi 480. Ukatenga ulusi wofanana ndi Khomalo n'kumaugoneka kulowera kummwera, umafika kugombe la Dorne utaugoneka pafupifupi kakhumi. Ndiye kuti kuchokera pa Khoma kukafika kumapeto kwa dziko ndi makilomita ngati 4,800. Martin amati Westeros ndi yaikulu ngati South America.

Apa ndi pamene zinthu zimayamba kusweka. Maonekedwe a dzikoli ndi a zilumba za Britain: iye ananenapo kuti mbali yakummwera inayamba ngati Ireland wozondoka, ndipo Khomalo analiganiza atakaona Hadrian's Wall kumpoto kwa England mu 1981. Nkhondo zake zikufanana ndi za mabanja achifumu a ku England a York ndi Lancaster. Koma khoma la Hadrian ndi la makilomita 117 okha, ndipo England ndi dziko limene wokwera hatchi ankalidutsa m'masabata ochepa. Martin anatenga ndale za kachilumba n'kuzitambasula pa kontinenti yathunthu osasintha kalikonse. Mfumu imodzi ikulamulira kuchokera kuchipululu kukafika kumalo a chipale chofewa. Anthu onsewo akulankhula chinenero chimodzi, mlimi wa ku Dorne akumvana ndi msilikali wa pa Khoma popanda womasulira, chonsecho mabanja ena akuti akhala pamalo awo zaka masauzande. Chilatini sichinathe ngakhale zaka 1,000 Roma atagwa chisanagawike kukhala Chifalansa, Chisipanishi, Chipwitikizi ndi Chitaliyana, pa dera laling'ono kuposa limenelo. Mapiri ndi mitunda zimagawa malilime, ndipo ku Westeros sizigawa.

Pa TV mpamene zinafika poipa. Mu gawo loyamba la Game of Thrones, filimu yochokera m'mabuku a Martin, Cersei akudandaula kuti akhala pa ulendo mwezi wathunthu kuchokera ku King's Landing kukafika ku Winterfell. Ukayeza ndi ulusi uja ndi makilomita oposa 2,000, ndipo akuyenda ndi chingolo cholemera, ana ndi antchito. Ndi liwiro lokayikitsa, komabe mtundawo unkamveka kuti ulipo, unkatopetsa anthu. Pofika sizoni ya 7 mu 2017, pa gawo la Beyond the Wall, Gendry akuthamanga kubwerera ku Eastwatch, khwangwala akuuluka ndi kalata mpaka ku Dragonstone, Daenerys akunyamuka ndi zinjoka zake n'kufika anzake a Gendry akadali pakathanthwe pakati pa nyanja youndana, ngati pangodutsa usiku umodzi. Ulendo wa khwangwala yekhayo ndi woposa makilomita 2,000. Nkhunda zampikisano zimauluka makilomita pafupifupi 80 pa ola, ndipo zimafuna kupuma. Wotsogolera gawolo, Alan Taylor, anavomereza yekha kuti nthawi anaichita kuikoka. Wina anena kuti mlandu umenewo ndi wa a filimu, osati wa mabuku, ndipo n'zoona ndithu. Koma khomo limene analowera ndi limene mlembi analisiya lotsegula.

Tsopano tengani mapu a m'buku la The Lord of the Rings, amene anajambula mwana wake Christopher Tolkien pomwe bukulo linkatuluka mu 1954. Sikelo ya mamailosi ili pompo. Tolkien analemba m'kalata chaka chomwecho kuti anayamba ndi mapu, nkhani n'kuikonza kuti ikwane m'mapuwo. Ndipo zimayezeka. Frodo akuchoka ku Bag End pa 23 Seputembala, akufika ku Rivendell pa 20 Okutobala. Mtunda wake, malinga ndi mmene anauwerengera Karen Wynn Fonstad, ndi mamailosi 458, kapena makilomita pafupifupi 737. Gawani ndi masiku 27: makilomita 27 pa tsiku. Aliyense amene anayendapo wapansi ndi katundu kumsana akudziwa kuti umenewo ndi ulendo wotheka, wotupitsa mapazi koma wotheka. Pamene Aragorn, Legolas ndi Gimli athamanga makilomita pafupifupi 217 masiku anayi asanathe, Éomer akudabwa kwambiri, chifukwa m'dziko limenelo anthu akudziwa kuti zotere si zachizolowezi. Gulu la Frodo likunyamuka ku Rivendell pa 25 Disembala, ndiye mu Januwale likupeza njira ya pa phiri la Caradhras itatsekedwa ndi chipale chofewa, n'kukakamizika kulowa ku Moria. Ngakhale mwezi wakumwamba anauwerengera, pogwiritsa ntchito kalendala ya 1941 ndi 1942, kuti anthu amene ali malo osiyana usiku umodzi aone mwezi wofanana.

Chimene chimandisangalatsa koposa ndi chakuti anatiuza pamene dziko lake lagona pa dziko lathu. M'kalata ya 1967 anati Hobbiton ndi Rivendell zili pa mzere umodzi wa latitude (mtunda wochokera ku ikweta) ndi Oxford, ndipo Minas Tirith, mamailosi 600 kummwera, ili pa mzere wa Florence. Tsegulani atilasi ya kusukulu muone. Oxford ili pafupi ndi madigiri 52 kumpoto kwa ikweta, Florence pafupi ndi 44. Kusiyana kwa madigiri 8 ndi makilomita ngati 890, pamene mamailosi 600 ndi makilomita 965. Kwa munthu amene ankagwira ntchito ndi pensulo ndi pepala la timabokosi, kuphonya kwake n'kochepa. Zomera nazo zikutsatira. Ku Shire, kwawo kwa Frodo, kuli minda ndi mitengo ya ku England, koma Frodo ndi Sam akafika ku Ithilien akupeza mitengo ya maolivi ndi zitsamba zonunkhira za m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Mu 2015 munapezeka mapu m'buku la wojambula zithunzi Pauline Baynes, pamene Tolkien analembapo ndi dzanja lake za mizere yotereyi, ndipo laibulale ya Bodleian ku Oxford inawagula mu 2016.

Pa mapiri Tolkien ali ndi mlandu, sindibisa. Mordor, dziko la mdani wamkulu Sauron, yazunguliridwa mbali zitatu ndi mapiri okumana m'makona ngati bokosi. Mapiri enieni amabadwa zigawo za nthaka zikagundana kapena kung'ambika, ndiye amayenda mopindika ngati uta, monga Himalaya kapena Carpathians. Katswiri wa miyala Alex Acks anawadzudzula kwambiri makona amenewa mu 2017. Chigwa chotsekedwa mbali zitatu chilipo ndithu, monga cha Tarim ku China chimene chili pakati pa Tian Shan, Pamir ndi Kunlun, koma makona ake si a kalipentala. Palinso nkhani ya mvula. Misty Mountains akuchoka kumpoto kulowera kummwera, mphepo ya chinyontho ikuchokera kunyanja ya kumadzulo, ndiye mbali ya kum'mawa inayenera kukhala youma. Ndi zomwe timaona pa phiri la Mulanje: kumene mphepo ya chinyontho imawomba kuli minda ya tiyi yobiriwira chaka chonse, kuseri kwake ku Phalombe mvula ndi yocheperapo. Koma kwa Tolkien, kuseri kwa mapiriwo n'kumene kuli chinkhalango cha Mirkwood, kuphatikizapo Lothlórien ndi Fangorn. Apo anaphonya. Ku Mordor komweko anachita chinthu chanzeru, chifukwa anaika minda yaikulu ya akapolo ku Nurn, kummwera kwa phiri lophulika, kuti tidziwe kumene chakudya cha asilikali a Sauron chinkachokera. Dothi la phulusa la mapiri otere limabereka kwambiri, monga ku Java ndi kufupi ndi Naples.

Martin naye ndimupatse zake. Pa nkhani ya mmene malo amaberekera chuma ndi ndale, amaposa Tolkien. Banja la Frey linalemera chifukwa cha mlatho umodzi pa mtsinje wa Green Fork, polipiritsa aliyense wowoloka, ndipo nkhondo yonse ya Robb Stark inapotokera pa mlatho umenewo. Madambo a Neck ndi linga la Moat Cailin zikufotokoza chifukwa chimene Kumpoto kunali kovuta kukugonjetsa. Dorne kuseri kwa Red Mountains ndi youma ndipo ili ndi miyambo yakeyake. Zonsezi ndi zomveka. Mitsinje ya mayiko onse awiri ilibe vuto lalikulu, imachoka kumapiri, imakumana, imathira m'nyanja.

Khomalo lokha silingaime. Mamita 213 a madzi oundana ataimikidwa chilili amayamba kufwamphuka pansi chifukwa cha kulemera kwake, monga imayendera mitsinje ya ayezi ya ku Alps ndi Greenland, ndipo pakapita nthawi lingasanduke chitunda chophwatalala. M'nkhanimo muli matsenga olilimbitsa, ndiye sindilimbana nazo kwambiri.

Nyengo ndi nkhani ina. Dziko lathu linapendekeka madigiri 23.4, n'chifukwa chake nyengo zimabwerera chaka ndi chaka. Ku Westeros chilimwe chikutha zaka 10, chisanu chikubwera posadziwika, ndipo Martin anati yankho lake ndi matsenga, osati sayansi. Chabwino. Koma funso la chakudya matsenga saliyankha: tirigu wa m'nkhokwe amafumbwa, ziweto zimafuna msipu, mitengo ndi nyama zakuthengo zimene zikuoneka m'nkhanimo ndi za ku Ulaya, zozolowera chisanu cha miyezi yochepa. Akatswiri a zanyengo a pa University of Bristol anayesa mayiko onse awiri pa kompyuta yolosera nyengo. Mu 2013 Dan Lunt anaikamo mapu a Middle-earth, ndipo zinatuluka kuti Shire ikufanana ndi Lincolnshire ndi Leicestershire ku England, Mordor ikufanana ndi Los Angeles ndi kumadzulo kwa Texas. Sanafunike kusintha malamulo a chilengedwe. Mu 2017 atayesa Westeros, anachita kuganizira dziko limene kupendekeka kwake kumagwedezeka pozungulira dzuwa, kuti mbali imodzi ikhalitse m'chisanu.

Ndiye mugule chiyani? Ngati mukufuna chokongoletsa chipinda, The Lands of Ice and Fire ya 2012, ya mapu 12 ojambulidwa ndi Jonathan Roberts, ndi yokongola zedi, ndipo ikusonyeza madera a kum'mawa kwa Essos, kontinenti ya kutsidya kwa nyanja kuchokera ku Westeros, amene m'mabuku amangotchulidwa dzina. Koma musanalipire kwa wogulitsa aliyense wa kunja, funsani mtengo wonse kuphatikizapo wotumizira ndi msonkho, popeza mapu aakulu opachika amabwera mu chubu ndipo chubucho chimakweza ndalama yotumizira.

Ngati mukufuna mapu oti muwerenge nawo buku, chala chili pa njira, gulani buku la The Atlas of Middle-earth la Fonstad. Mayiyu anali katswiri wojambula mapu ku Wisconsin, ndipo anagwira dziko la Tolkien ngati malo enieni: muli mapu a nyengo, a zomera, a zinenero, a nkhondo, ndi ndandanda yosonyeza mtunda umene anthu anayenda tsiku lililonse ndi pamene anagona. Mitundu yake ndi yochepa, yakuda ndi yofiirira basi, moti pakhoma silingakope mlendo. Linatuluka koyamba mu 1981, koma funani lokonzedwanso la 1991 kapena losindikizidwa pambuyo pake, chifukwa limenelo linawonjezera zimene Christopher Tolkien anatulutsa m'zolemba za bambo ake m'zaka za m'ma 1980.