Maikulosikopu ya diso limodzi ya kusekondale: ndi yokwanira, bola kuisamala

Ophunzira ambiri amalakwa mafunso a bayoloje okhudza maselo chifukwa selo analiona m'buku mokha. Maikulosikopu wamba ya diso limodzi imathetsa vutoli. Galasi loyang'anira limakuza chinthu ka 10, magalasi atatu apansi amakuza ka 4, ka 10 ndi ka 40. Mukachulukitsa mumapeza ka 40, ka 100 ndi ka 400.

Pa ka 100, kakhungu kam'kati ka anyezi kothiridwa dontho la ayodini kamaonetsa bwinobwino makoma a maselo, ondondozana ngati njerwa, ndi kadontho ka nyukiliyasi. Maselo a m'tsaya amafuna utoto wa methylene blue komanso kukuza ka 400. Maraibosomu, tizigawo tating'onoting'ono ta m'selo, simungawaone, choncho ophunzira auziretuni, asamajambule zoloweza m'buku ngati aziona.

Zimene zimalakwika n'zodziwika. Kagalasi kovindikira akangokagwetsa chafufumimba kamatsekera timathovu ta mpweya, ndipo mwana amajambula mizere yakuda yozungulira n'kumati ndi maselo. Kayimikeni mopendekeka pa madigiri 45, m'mphepete mwake mukhudze dontho, kenako mukatsitse pang'onopang'ono ndi singano. Vuto lina ndi galasi la ka 40, lomwe limatsala pang'ono kukhudza silaidi (kagalasi koikapo chinthu chopimacho), mpata wake sufika n'komwe milimita imodzi. Wopotokola gudumu lalikulu lowongolera chithunzi pamenepo amaswa silaidi, mwinanso kukanda galasi. Yambani ndi la ka 4, chithunzi chikaoneka musinthe, kuchokera apo muzigwira kagudumu kakang'ono basi. Chithunzi chimakhalanso chozondoka: mukakankhira silaidi kumanja, icho chimapita kumanzere.

Maikulosikopu ya kalilole safuna magetsi koma kukachita mitambo imavuta, ndipo kulozetsa kaliloleyo padzuwa kungawononge diso. Ya nyale ya LED ndi yabwinoko.

Musatengeke ndi zolembedwa pakatoni zoti imakuza ka 2000. Maikulosikopu ya kuwala ikapitirira ka 1000 imangokuza chimbuuzi.

Chofooka chake chachikulu ndi chuku, chomwe chimamera m'magalasi ikasungidwa pachinyezi, ndipo chikazika mizu sichichoka. Isungeni m'bokosi louma lokhala ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, magalasi muziwapukuta ndi pepala lake, osati malaya.

Ndalama zikakhala zochepa, kuli bwino kugula zingapo zamtunduwu kusiyana ndi imodzi yapamwamba ya maso awiri. Ana awiri kapena atatu pa imodzi, aliyense amapeza mpata wokonza silaidi yakeyake ndi kujambula. Akakhala khumi, amagwira ndi mmodzi, enawo amangosuzumira n'kukopera.