Chikwama cha pa kaunjika wa ku Kasungu chomwe ndinazungulira nacho ku Ulaya

Anzanga kuntchito akhala akundifunsa ngati chikwama chobereka cha pa kaunjika chingapirire ulendo wautali, kapena ndi bwino munthu kungolimba mtima n'kukagula chatsopano ku Lilongwe. Changa chinapirira, ndipo ndikufuna ndifotokoze momwe chinandithandizira komanso pomwe chinandivutitsa, kuti wina asataye ndalama pachabe.

Ine ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Kasungu. Mu Seputembala 2024 ndinapeza mwayi wa maphunziro a milungu itatu ku Wageningen, ku Netherlands. Viza yomwe ndinalandira inali ya Schengen, imene imalola munthu kudutsa malire a mayiko ambiri a kumeneko osapemphanso ina, bola asapyole masiku omwe amulembera. Viza yokhayo ndi mayuro 90, ndipo amafunanso inshulansi ya chipatala yofika mayuro 30,000. Nditaona kuvuta kwake ndinati chitseko ichi sichitseguka kawiri. Tinapangana atatu, ine, mnzanga wa ku Mchinji, ndi mayi wina wa ku Chipata amene tinadziwana pa gulu la WhatsApp la maphunzirowo, kuti tikamaliza tiwonjezere masiku 12 tikaone Amsterdam, Berlin, Prague, Vienna ndi Budapest, pa basi, n'kumagona m'mahositelo otchipa.

Chikwamacho ndinachipeza mu msika wa pa boma, kwa mayi wina amene amatsegula mabelo a zikwama zokhazokha. Ine maso anga anali pa china chofiira, chachikulu, chooneka chatsopano. Mayiwo anandilanda m'manja. "Anti, chimenecho n'chokongola koma chikakuthyolani msana. Tagwirani ichi." Chinali chotuwa, dzina la kampani linafufutika, koma pambali pankaonekabe nambala 40, kutanthauza malita. Anathiramo zikwama zina zing'onozing'ono mpaka chinalemera, anandiberekesa, kenako anakoka lamba wa m'chiuno mpaka ndinamva kulemera kukuchoka pamapewa n'kutsikira m'chiuno. "Mwamva? Mapewa ntchito yake n'kungochigwirizira. Chonyamula ndi chiuno." Anandiyendetsa mpaka pa ogulitsa tomato n'kubwerera. Anayamba ndi K50,000, tinanenererana mpaka K35,000.

Mayi amenewa ndimawayamikira kwambiri. Chofiira chija chinali chodula, akanapindula nacho kuposa. Anandionetsanso okha pomwe ulusi unayamba kumasuka, m'munsi mwa lamba wa phewa lamanzere, n'kundilozera bambo wina wosoka nsapato kuseri kwa msika. Bamboyo anasoka malamba onse awiri ndi ulusi wa nsapato wopaka phula, napakanso kandulo m'mano a zipi. Ndinalipira K3,000. Pomwe anasokapo mpaka lero sipanasunthe.

Fungo la kaunjika linatenga kuchapa kawiri ndi kuyanika padzuwa masiku atatu kuti lichoke.

Ndinalongezamo mathalauza awiri, mabulauzi anayi, juzi yochindikala, jekete, zitenje ziwiri, sopo, mankhwala a mutu, loko wamng'ono, ufa makilogalamu awiri, ndi mthiko. Sutikesi yaikulu ya zovala za ku maphunziro ndinaisiya kwa mtsikana wina wa kuno kwathu amene amaphunzira ku Wageningen komweko. Chitenje chinagwira ntchito ya thaulo, ya mpango wa m'khosi, ndi ya katani pa bedi la m'hositelo pomwe timagona anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi. Loko uja musamuiwale. Mahositelo ambiri amakupatsa kabati yotsekeramo katundu koma loko umabwera naye wekha.

Ubwino wa chikwamachi ndinauona kwenikweni ku Prague. Tinatsika basi pa depoti ya Florenc madzulo, ndipo pofuna kusunga ndalama tinaganiza zoyenda wapansi mpaka ku hositelo, kutsidya kwa mtsinje wa Vltava. Misewu ya mkati mwa mzindawo ndi ya timiyala toyalidwa, tosalala pamwamba koma tokhala ndi mipata. Mnzanga wa ku Mchinji anali ndi sutikesi ya matayala. Inkalira khotchokhotcho njira yonse, ndipo tisanafike n'komwe pa mlatho wa Charles, umene anayamba kuumanga mu 1357, tayala limodzi linagweluka n'kugubudukira m'ngalande. Anaisenza pamutu, chitenje changa chili nkhata, anthu odzaona malo akutijambula. Ine manja anga onse anali omasuka, lina litagwira foni ya mapu, lina litamugwira iye. Usiku umenewo khosi linamuwawa mpaka sanagone.

Pa mabasi chinalinso bwino. Tinkakwera aja obiriwira a FlixBus, kampani ya ku Germany yomwe inayamba kuyendetsa mabasi mu 2013. Kuchoka ku Amsterdam Sloterdijk kupita ku Berlin tinasankha ya usiku dala, kuti ndalama ya malo ogona itsale m'thumba. Chikwama chimapita pansi pa basi, choncho pasipoti, ndalama ndi foni ndinkazisunga m'kachikwama ka m'chiuno, mkati mwa juzi. Izi n'zofunika, chifukwa ngakhale malire a Schengen alibe zipata, apolisi amatha kuimitsa basi n'kufunsa mapasipoti, ndipo ifeyo anatifunsa polowa mu Germany.

Matumba awiri a m'mbali, aja a ukonde, anatipulumutsira ndalama zambiri kuposa momwe ndinkaganizira. Lina linali la botolo la madzi. Ku Vienna madzi a pampopi amachokera ku akasupe a m'mapiri a Alps kudzera m'mapaipi omwe anatsegulidwa mu 1873, ndipo mumzinda muli mipopi yomwera yaulere. Madzi ake ndi ozizira ngati a m'chitsime cha kudambo m'mwezi wa Juni. Sitinagulepo madzi ngakhale tsiku limodzi. Thumba linalo ku Berlin linasanduka nkhokwe ya mabotolo. Kumeneko botolo la pulasitiki la chakumwa ukalibweza mu makina a m'sitolo ngati Lidl kapena Aldi amakubwezera masenti 25. Mabotolo athu atatu a tsiku limodzi ankatigulira mabanzi a m'mawa.

Mthiko unkalowa bwinobwino choimirira m'mbali mwa msana. Ku Budapest, titatopa ndi buledi ndi tchizi, tinaphika nsima mu khitchini ya hositelo, ndiwo zake kabichi ndi mazira. Mnyamata wina wa ku Brazil anaima n'kumaonerera mayi wa ku Chipata akuvundula, mpaka tinamupatsa mtanda wake. Pa za ndalama dziwaninso kuti si konse kumene yuro imayenda. Ku Prague ndi koruna, ku Budapest ndi forint, ndipo kathumba ka pa lamba wa m'chiuno kanandithandiza kusiyanitsa makobidi kuti ndisamasokoneze.

Zovuta zilipo, ndipo sindizibisa. Chachikulu n'chakuti chimatsegukira pamwamba pokha, ngati thumba la chimanga. Chomwe ukufuna chimakhala pansi nthawi zonse. M'hositelo ku Berlin ndinakhuthula zonse pabedi cha m'ma 5 koloko m'mawa ndikufunafuna masokosi, anzanga a m'chipinda akugona, majumbo omwe ndinakulungira zovala akuchita phokoso. Mtsikana wa bedi lapamwamba anandiyang'ana moipidwa ndipo ndinachita manyazi. Mukapeza chotsegukira kutsogolo konse ngati sutikesi, tengani chimenecho ngakhale atawonjezera K10,000, ndipo zovala muzikulunga m'timatumba tansalu osati m'majumbo.

Chachiwiri, chilibe chophimbira mvula. Ku Vienna inatipeza panjira ndipo juzi yanga inanyowa, ufa unapulumuka chifukwa unali m'majumbo awiri. Kuchokera pamenepo ndinkayala jumbo lalikulu lakuda mkati ndisanalongeze. Kachomangira ka pachifuwa kanathyokanso tsiku lachisanu ndi chiwiri, pulasitiki yake inali itakalamba. Ndinangomanga ndi chingwe cha nsapato.

Pobwerera tinakwera ndege yotchipa kuchoka ku Budapest kupita ku Eindhoven. Ndege zoterezi tikiti imatsika mtengo koma katundu amamuyang'anitsitsa. Tinali titalipiriratu chikwama cholowa nacho mkati, chosapyola makilogalamu 10. Pachipata pali kabokosi kachitsulo koyezera. Ufa unali utatha, jekete ndi juzi ndinavala zonse, ndinakoka malamba a m'mbali mpaka chikwama chinaphwa, ndipo chinalowa. Cha mayi wa ku Chipata chinali cha malita 65, chatsopano, chogula mu shopu. Chinakana kulowa, ndipo ndalama yomwe anamulipiritsa pomwepo inaposa ya tikiti yake. Tinasonkherana kuti imukwanire. Chofiira chomwe ndinkafuna mu msika muja chinali cha saizi yomweyo.

Amene mukukagula, musapyole malita 40 ngati mukakwere ndege zotchipa. Finyani lamba wa m'chiuno muone ngati siponji yake ikubwerera, yendetsani zipi kangapo, suzumirani pansi pa chikwama moloza kudzuwa muone ngati pali timabowo, ndipo muchibereke chili ndi katundu musanatulutse ndalama.

Nditabwerako ndinapita kukawathokoza mayi ogulitsa zikwama aja, nditawatengera chokoleti cha ku Vienna. Anachitembenuza chikwamacho, nayang'ana chingwe cha nsapato chija, n'kufukula m'thumba lawo la zotsalira mpaka anapeza kachomangira kena kofanana. Sanandilipiritse. Panopa ndimachimangirira panjinga yamoto ndikamapita kwa alimi ku Santhe, muli mabuku, tepi yoyezera minda ndi botolo la madzi lomwe lija.