Kamgolo kanga ka oak ka malita 5 patatha miyezi 18

Mu Epulo chaka chatha, kamgolo aka katangokhala masabata atatu pakhomo panga, ndinalemba mokatamanda. Ndinati mowa woyera mbee ngati madzi wafiira ngati tiyi wopanda mkaka, ukununkhira vanila, choncho aliyense wotcheza wake kunyumba athamange akagule. Pakamwa panandifulumira. Pano katha miyezi 18, ndakadzaza katatu, ndipo ena mwa mawu aja ndiyenera kuwabweza.

Ndimakhala kufupi ndi Worcester, m'chigwa cha mtsinje wa Breede ku Western Cape, kwawo kwa mphesa ndi brandy. Umene ndimatcheza ine ndi womwe kuno amati witblits, wochokera ku vinyo wa mphesa za Colombar, wophikidwa kawiri mumphika wa kopa. Lamulo la South Africa limalola munthu kutcheza wakumwa yekha bola alembetse ku SARS, bungwe lotolera misonkho, koma kugulitsa ayi. Kamgoloko n'ka mtengo wa oak woyera wa ku America, mkati mwake anawotchamo mpaka matabwa kuchita makala, kali ndi malamba anayi achitsulo, kabowo kothirira pamwamba ndi kampopi kamtengo kutsogolo. Wondigulitsa anandiuza kuti miyezi itatu m'kamgolo kotere ikufanana ndi zaka zingapo mumgolo waukulu. Mawu amenewa ndiwo ndinawameza osatafuna.

Ulendo woyamba ndinakanyika m'madzi masiku anayi kuti matabwa afufume, kenako ndinathiramo malita 5 a ukali wa 62 peresenti, pafupi ndi malire a 62.5 omwe opanga bourbon, whisky ya ku America, saloledwa kupitirira pothira mumgolo. Pa sabata lachisanu ndi chimodzi mowawo unali pabwino penipeni: wotsekemera pang'ono, fungo la vanila ndi kokonati, ukali wa pakhosi utatsika. Tsiku limenelo ndilo ndinayenera kuutsanula. Koma mumtima ndinati, ngati masabata ochepa achita chonchi, nanga miyezi? Mu Julayi kunagwa zovuta kumudzi, ndinapita ku Ntcheu, ndipo pobwera mu Ogasiti mowa unali utakhalamo miyezi isanu. Maonekedwe ake okha munthu ukanalumbira kuti ndi wa zaka khumi. Kuulawa, mkamwa monse gwa, lilime kukakamira kunkhama ngati wadya nthochi yosapsa, kenako kukoma kwa pensulo yomwe tinkatafuna ku pulayimale. Mphesa osamvekanso n'komwe. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pa kamgolo katsopano kudekhako ndiko kunandiwonongera mowa.

Chifukwa chake sichovuta kumvetsa. Mgolo wa bourbon umalowa malita pafupifupi 200. Mukawerengera bwino, lita imodzi m'kamgolo ka malita 5 imakhudzana ndi thabwa lochuluka kuposa katatu poyerekeza ndi lita ya mumgolo waukuluwo. Ndiye zonse zotuluka m'thabwa zimabwera mothamanga: mtundu, vanila, kutsekemera kwa shuga wa mumtengo amene anapsa ndi moto, komanso tanini, yemwe ndiye amaumitsa mkamwa. Izi wogulitsa uja sananame. Chomwe sananene n'chakuti mgolo uli ndi ntchito ina yachiwiri. Thabwa limapuma, mpweya umalowa pang'onopang'ono, fungo lobaya mphuno limatuluka, ndipo za mumowa ndi za m'thabwa zimasakanikirana n'kubala fungo la zipatso lomwe poyamba munalibe. Ntchito imeneyi siona kukula kwa mgolo, imayendera kalendala. N'chifukwa chake brandy ya kuno yophikidwa mumphika wa kopa, yomwe amati pot still, lamulo limati ikhale zaka zosachepera zitatu m'migolo ya oak yosapitirira malita 340, ndipo ku Scotland nakonso whisky satchedwa whisky zaka zitatu zisanakwane. Ngakhale fakitale ya Buffalo Trace ya ku Kentucky inayesapo timigolo ta magaloni 5, 10 ndi 15 mu 2006, ndipo mu 2012 inalengeza yokha kuti zinakanika. Ine kamgolo kanga sikafika n'komwe pa magaloni awiri.

Mowa woyamba uja sindinautaye. Ndinali ndi wina woyera wa mphika womwewo umene ndinasunga m'mabotolo, ndiye ndinasakaniza theka ndi theka n'kuusiya mwezi wathunthu. Unamweka, koma kunyadira ayi.

Ulendo wachiwiri ndi umene unandibwezera mtima. Ndinathira mu Ogasiti, ukali wa 60 peresenti, thabwa litakhetsa kale ukali wake pa mowa woyamba. Mtundu unabwera mochedwa, mwezi wachitatu ukadali wotuwa ngati uchi wa m'chilimwe, ndipo ndinkalawa Loweruka lililonse, supuni imodzi yothira timadzi. Pofika mu Febuluwale, miyezi isanu ndi umodzi, mphesa zinali zikumvekabe, pamwamba pake kafungo ka mapichesi ouma, thabwa lili kumbuyo osati kutsogolo. Mnzanga wina wakwathu komweko, yemwe anakulira pafupi ndi mitsuko ya kachasu ngati ine, ananunkhiza kaye nthawi yaitali, n'kumwa pang'ono, n'kuti, "Achimwene, apa ndiye kachasu mwamuveka suti." Sindinalandirepo chiyamikiro choposa chimenecho.

Koma suti yake inadula. Mwa malita 5 ndinatsanula atatu ndi theka basi. Kamgolo kanali m'galaja ya malata, ndipo amene anakhalapo ku Worcester mu Januwale akudziwa mmene dzuwa limaphulikira, mpweya uli wouma kuti gwa. Pamalo ouma chotere madzi amathawa m'thabwa msanga kuposa ukali, motero kachida kanga koyezera kanaonetsa kuti mowa wakwera kuchoka pa 60 kufika pa 63. Ku Scotland, kozizira ndi kwachinyontho, mgolo umataya pafupifupi 2 peresenti pa chaka, ndipo eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo. Nditawafotokozera mayi a kunyumba za angelowa, anangondiyang'ana n'kuti, "Angelo ake ati, bambo? Si inu nomwe mumapita ndi supuni Loweruka lililonse?" Sanalakwe kwenikweni, koma supuni sizingakwane lita ndi theka. Kuyambira pamenepo kamgolo kanasamukira m'chipinda cha kumwera kwa nyumba, pansi, kumene dzuwa silifika.

Cholakwa changa chachikulu chinadza nditatsanula mowa wachiwiriwo. Inali nyengo yokolola mphesa, ntchito ili pakhosi, ndipo kamgolo ndinakasiya kopanda kanthu masabata atatu. Tsiku lina pokanyamula, lamba wa kumapeto anangovuka yekha n'kugubuduka pasimenti. Nditakaloza ku dzuwa n'kusuzumira pa kabowo, ndinaona timizere ta kuwala pakati pa matabwa. Mgolo sumatidwa ndi guluu kapena misomali, chimaugwira n'chinyontho ndi malamba basi. Ndinabwezera lamba uja pomukhoma pang'onopang'ono ndi hamala ndi kachidutswa ka thabwa, kuzungulira mbali zonse, n'kumathira madzi ofunda m'mawa ndi madzulo. Tsiku loyamba ankatuluka ngati mudengu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kudontha kunaleka, kupatula pa kampopi. Kampopi kamtengoka ndiko chinthu chachabechabe pa zonse zomwe ndinalipira: kankachucha kuyambira sabata loyamba, kakuda ndi zomatamata, nyerere osachokapo. Ndinakamata ndi phula la njuchi ndipo sindikatsegulanso.

Ulendo wachitatu, kuyambira mu Malichi chaka chino, ndinachita dala zoyesa. Ndinali ndi mowa umene sindinaupatule bwino potcheza, wolowa kwambiri za kumchira, zodontha kumapeto, uja wonunkha ngati katoni yonyowa. Ndinkafuna kuona ngati makala a mkati angautsuke. Kwathu ku Ntcheu agogo akamatcheza, woyamba kudontha, womwe timati mutu, ndiwo unkalimbiranidwa ndi amuna a m'mudzi. Kuno ndinaphunzira kuti woyambirira weniweniyo, wonunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, umatayidwa, wa kumapeto umaikidwa padera, ndipo mumgolo mumalowa wa pakati. Patha miyezi isanu ndi umodzi tsopano. Mowa uja wafiira bwino, kubaya kwake kwachepako, koma katoni yonyowa ikadali pompo, yangofunda vanila. Makala amachotsadi kafungo ka sufule, izi ndaziona ndekha, koma mowa wophikidwa mosasamala mgolo suukonza. Ndipo wina asaganize kuti wa poizoni ukagona m'thabwa usanduka wabwino.

Ndiye ndingakagulenso? Ka malita 5 ayi. Kamaoneka bwino pashelefu ndipo kandiphunzitsa zambiri, koma pa ndalama zake ndi mowa umene kanandimwera, zidutswa za oak zowotcha zoponya mubotolo lagalasi zikanandipatsa mtundu ndi vanila yemweyo popanda kutaya lita ndi theka. Amene ali nako kale, ulendo woyamba athiremo mowa umene sangaulire, alawe sabata ndi sabata, ndipo akangomva kuti wafika pabwino atsanule tsiku lomwelo ngakhale mtima ukukana. Wabwino ausungire ulendo wachiwiri. Kasagone kopanda kanthu ngakhale sabata limodzi. Ine pano ndikufunafuna wa malita 20 kapena 30, makamaka wogwirapo kale ntchito, woti ndithiremo mowa wa mphesa za chaka chamawa n'kuuiwala zaka ziwiri. Kakang'onoka ndikachotsamo wa katoni uja kumapeto kwa mwezi uno, ndikatsuke, ndithiremo vinyo wotsekemera wa muscadel kuti kasaume. Wa ulendo wachiwiri watsala botolo limodzi ndi theka, ndipo mayi a kunyumba alibisa lathunthulo mpaka pa Khirisimasi.