Google Earth Pro yandithandiza kuyeza gombe la ku Likoma

Inu amene mukudandaula kuti nyanja ikudya mchenga ku Likoma, ikani pa kompyuta Google Earth Pro, pulogalamu yoonetsa zithunzi za malo zojambulidwa kuchokera kumwamba. Ndi yaulere, bola bandulo ikhalepo. Mukadina kachizindikiro ka wotchi, imaonetsa zithunzi zakale za malo omwewo, ndipo karula kake kamayeza mtunda m'mamita.

Ine ndimayambira pa mlambe wa kuseri kwa nyumba ya agogo, poti mlambe susuntha, n'kukoka mzere mpaka pomwe madzi alekezera. Pamenepo mpomwe ndinaonera bwino kuchepa kwa malo athu oyanikapo usipa, ndipo mtima unandiwawa.

Koma yerekezani zithunzi za mwezi wofanana. Nyanjayi imadzadza cha mu Epulo, n'kutsika pofika Novembala. Mukasakaniza miyezi, mudzayesa gombe lakokoloka pomwe ndi nyengo chabe.